Chibayo china chimachokera m'khola: muuzeni dokotala za ziweto zanu

Alimi anzanga, sabata ino tiyeni tisiye kaye nkhani za fetereza ndi mitengo ya mbewu. Ndikufuna tikambirane za mtundu wina wa chibayo umene munthu amautenga kuchokera ku ziweto zake zomwe, momwe madokotala a masiku ano akuuzindikirira, ndiponso mbali imene ife alimi tingachitepo. Ndikulemba izi chifukwa m'chaka cha 2023 ndidatsala pang'ono kutaya mlamu wanga, ndipo mbali ina ya mlanduwo ndi yanga.

Alamu angawo amaweta mbuzi ndi nkhunda. Mu Ogasiti chaka chimenecho mbuzi zawo zitatu zidapoloza motsatizana m'masabata awiri okha, zonse zitatsala pang'ono kuswa. Atandiuza, ine amene ndaweta mbuzi kwa zaka zoposa 20 ndidayankha mwachidule. Ndidati: "Alamu, imeneyo ndi njala basi, msipu wauma. Mwinanso zadya majumbo kumsika. Zipatseni madeya ndi kamchere." Sindidawauze kuti aitane mlangizi wa ziweto, ndipo sindidawafunse kuti tiana takufato adatani nato.

Chimene adachita ndi chomwe ambiri a ife timachita. Adatola tianato pamodzi ndi nsengwa zake ndi manja osavala kanthu, n'kukaponya kudzala komwe agalu adakazikhadzula usiku. Kutacha adasesa pansi pa khola pali pouma, fumbi lili koboo, mphepo ya mwera ikuliulutsira pakhomo.

Patapita masabata pafupifupi atatu adayamba kutentha thupi kwambiri, mutu kuwawa ngati ukung'ambika, thukuta usiku ndi kachifuwa kouma. Pachipatala chaching'ono cha kwathu adawayeza malungo koma sadapezeke. Adawapatsa makapisozi a amoxicillin, amene ndi mankhwala oyenera pa chibayo chomwe tonse timachidziwa. Adamwa masiku asanu koma m'malo mochira adayamba kubanika. Tidawatengera kuchipatala chachikulu komwe chithunzi cha m'chifuwa chidaonetsa chibayo. Makhololo adayezedwa, chifuwa chachikulu sichidapezeke. Adawabaya jakisoni masiku atatu, thupi lili chitenthere. Apa n'kuti achibale ena atayamba kale kunong'onezana zoti pali dzanja la munthu, tiwatulutse tikayese kwa asing'anga.

Tsiku lachinayi dokotala wina wachinyamata adakhala pansi ndi mlongo wanga.

"Mayi, abambowa amagwira ntchito yanji?"

"Ndi alimi, adokotala."

"Nanga ziweto pakhomo zilipo?"

"Zilipo nkhunda ndi mbuzi, kungoti mbuzizo chaka chino zatigwiritsa fuwa lamoto. Zitatu zidapoloza mwezi wathawu."

"Adazisamala ndani?"

"Eni akewa."

Dokotalayo adasintha mankhwala tsiku lomwelo, nalemba doxycycline, amene ambiri timangowatcha dokisi. Patatha masiku atatu thupi lidazizira ndipo alamu adapempha nsima ya therere. Potuluka, dokotala adatiuza kuti pachipatalapo padalibe chipangizo chotsimikizira dzina la matendawo, koma iye adaganizira awiri: ena ochokera ku mbuzi, ena ochokera ku nkhunda. Mwayi wake, onse amamva mankhwala amodzi. Adanenanso kuti m'mayiko ena muli makina amene akadatchula kachirombo kake m'masiku awiri kapena atatu okha. Mawu amenewo ndiwo adandichititsa kufufuza zomwe ndikukugawirani lero.

Matenda ochokera ku mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe

Oyamba amatchedwa Q fever. Adaonekera pakati pa anthu ogwira ntchito m'malo ophera nyama mumzinda wa Brisbane ku Australia m'chaka cha 1935. Dokotala amene adawafufuza, Edward Derrick, sadapeze msanga choyambitsa chake, ndiye adangowapatsa chilembo cha Q, kuchokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza funso. Pambuyo pake zidadziwika kuti amayamba ndi bakiteriya amene adapatsidwa dzina loti Coxiella burnetii.

Kachirombo kameneka kamakhala mu mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe, ndipo nthawi zambiri chiweto chimaoneka chabwinobwino. Chizindikiro chachikulu ndi kupoloza bere litakula, kapena kuswa ana akufa ndi ofooka. Tizirombo timapezeka mumkaka, mumkodzo ndi m'ndowe, koma momwe timachuluka zedi ndi mu nsengwa ndi m'madzi otuluka poswa. Kachidutswa ka nsengwa kolemera galamu imodzi kangathe kukhala ndi tizirombo tokwana biliyoni, ndipo ngakhale mbuzi imene yaswa bwinobwino ingathe kutulutsa tizirombo totere. Zimenezi zikauma, tizirombo sitifa ayi. Timakhala m'fumbi kwa miyezi yambiri, ndipo mphepo imatha kuulutsa fumbilo mtunda wa makilomita angapo. Munthu akapuma tochepa chabe, ngakhale tosakwana khumi, angathe kudwala.

Zizindikiro zimayamba pakatha masabata awiri kapena atatu. Pafupifupi theka la anthu otenga kachiromboka sadwala n'komwe, ena amadwala ngati chimfine chachikulu n'kuchira okha, koma kwa ena chimakhala chibayo kapena kutupa kwa chiwindi. Amene ali pangozi yaikulu ndi amayi oyembekezera, chifukwa angathe kupita padera kapena kubereka masiku asanakwane, komanso anthu a vuto la mtima ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chidatsika. Mwa anthu otere kachirombo kamatha kubisala kwa miyezi kapena zaka n'kumawononga mtima, ndipo zikatero mankhwala ake amamwedwa kwa chaka ndi theka kapena kuposerapo.

Musaganize kuti awa ndi matenda a mayiko osauka okha. Ku Netherlands, pakati pa 2007 ndi 2010, anthu oposa 4,000 adadwala Q fever. Ambiri mwa iwo sankaweta n'komwe, ankangokhala kufupi ndi makola akuluakulu a mbuzi zamkaka momwe mbuzi zinkapoloza. Boma la kumeneko lidachita kulamula kuti mbuzi ndi nkhosa zabere zoposa 50,000 ziphedwe, ndiponso kuti zamkaka zizilandira katemera.

Matenda ochokera ku mbalame

Achiwiri ndi psittacosis, dzina lochokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza chinkhwe. Bakiteriya wake ndi Chlamydia psittaci. Dziko lidawadziwa bwino m'zaka za 1929 ndi 1930 pamene zinkhwe zogulidwa ku South America zidafalitsa matendawa ku Ulaya ndi ku United States. Anthu mazanamazana adadwala ndipo oposa 100 adamwalira, poti nthawi imeneyo mankhwala ake kudalibe. Koma si zinkhwe zokha. Kachiromboka kapezeka m'mitundu ya mbalame yoposa 400, kuphatikizapo nkhunda, abakha, nkhukundembo ndi nkhuku.

Mbalame yodwala imasiya kudya, nthenga zimanyankhalala, imatuluka mamina ndi manthongo, ndipo zitosi zimakhala zamadzimadzi, zobiriwira. Chovuta n'chakuti ina imaoneka yathanzi kwinaku ikutulutsa tizirombo, makamaka ikapanikizika, monga pothinana m'dengu popita kumsika. Munthu amatenga matendawa popuma fumbi la zitosi zouma ndi la nthenga, posesa m'khola, popha ndi pososola. Nyama yophika bwino ilibe vuto. Zizindikiro zimayamba pakatha masiku 5 mpaka 14, ndipo ndi zomwe zija: kutentha thupi, litsipa, kuphwanya m'thupi ndi chifuwa chouma. Amenewa si chitopa ayi. Chitopa chimayamba ndi vairasi ndipo chimapulula nkhuku, osati anthu.

Mu Malichi 2024 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti matendawa adachuluka m'mayiko asanu a ku Ulaya, omwe ndi Austria, Denmark, Germany, Sweden ndi Netherlands, ndipo anthu asanu adamwalira. Ambiri mwa odwalawo adakhudzana ndi mbalame zakutchire kapena zoweta. Komabe wodwala akalandira mankhwala oyenera, omwalira sakwana mmodzi pa anthu 100 alionse.

Chifukwa chiyani amasokoneza achipatala?

Choyamba, zizindikiro zake sizisiyana ndi za malungo, chimfine chachikulu kapena chibayo wamba. Munthu akabwera thupi likutentha, n'zomveka kuti dokotala ayambe waganizira malungo. Koma kafukufuku amene adachitika m'zipatala ziwiri za ku Moshi, kumpoto kwa Tanzania, m'zaka za 2007 ndi 2008 adatsegula anthu maso. Mwa odwala 870 amene adagonekedwa chifukwa chotentha thupi, 528 adalembedwa kuti ali ndi malungo, koma atayezedwa mosamala, a malungo enieni adapezeka 14 okha. Matenda a mabakiteriya ochokera ku nyama adapezeka mwa anthu 118, ndipo 24 mwa iwo inali Q fever. Ku Moshi malungo ndi ochepa kuyerekeza ndi madera ambiri a kuno kwathu, koma mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zake ndi zomwezi.

Chachiwiri, njira yakale yodziwira bakiteriya ndiyo kufesa makhololo kapena magazi m'mbale ya chakudya chapadera, n'kudikira kuti tizirombo timere monga momwe timayesera kameredwe ka mbewu. Tsono tizirombo tiwiriti sitimera m'mbale zotere, chifukwa timangoswana tikakhala mkati mwa maselo amoyo. Kutimeretsa kumafuna labotale yotetezedwa kwambiri, poti ngakhale oyezawo timawagwira.

Chachitatu, kuyeza magazi kofufuza asilikali amene thupi lapanga kumachedwa. Asilikaliwo amayamba kuoneka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo kuti zitsimikizike pamafunika kutenganso magazi ena pakatha masabata angapo. Pofika nthawi imeneyo wodwala amakhala atachira kapena ataikidwa kale.

Pamwamba pa zonsezi, mankhwala a gulu la penicillin, monga amoxicillin ndi majakisoni ambiri a chibayo, sachiza matenda awiriwa. N'chifukwa chake alamu adamwa makapisozi ndi kubayidwa popanda kusintha. Achipatala sadalakwe kuyamba ndi mankhwala amenewo, chifukwa chibayo chochuluka chimamva omwewo. Chidasowa chinali uthenga wa kukhola.

Makina owerenga DNA

Chamoyo chilichonse, kaya ndi munthu, mbuzi, chimanga kapena bakiteriya, chili ndi malangizo a kapangidwe kake olembedwa mkati mwa maselo ake. Malangizo amenewa ndiwo DNA, ndipo ndi amene amachititsa kuti tonde wa mtundu wa Boer abereke ana ofanana naye. Amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zondandalikidwa mosiyanasiyana. DNA ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi mabiliyoni atatu, ya Coxiella pafupifupi mamiliyoni awiri, pamene ya Chlamydia psittaci yangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Palibe mitundu iwiri ya zamoyo imene mndandanda wa zilembo zake ndi wofanana ndendende.

Ambiri mwamvapo za makina a GeneXpert oyezera chifuwa chachikulu, amene WHO idawavomereza mu 2010 ndipo ali m'zipatala zambiri m'dziko muno. Makina amenewa amafufuza DNA, koma ya kachirombo kamene atumidwa kokha. Ali ngati wapolisi amene wapatsidwa chithunzi cha wakuba mmodzi: akalowa mumsika amayang'ana nkhope imeneyo basi, akuba ena angathe kumudutsa iye osadziwa. Kuyeza kotere kwa Q fever ndi psittacosis kuliponso m'malabotale ena, koma dokotala ayenera kuyamba waganizira matendawo kuti akupemphe.

Njira yatsopano, imene achipatala amaitcha metagenomic sequencing, ili ngati kutseka zipata za msika n'kufunsa aliyense chiphaso chake cha unzika. Dokotala safunika kudziwiratu amene akumufuna.

Imayenda motere. Amatenga makhololo, magazi, kapena madzi amene atsukira m'mapapo kudzera m'kapaipi kolowetsa pakhosi. Ku labotale amaphwanya maselo onse ali m'menemo n'kutulutsa DNA yonse, ya munthu ndi ya tizirombo pamodzi. DNA ija amaiduladula tizidutswa tifupitifupi, ndipo makina amawerenga zilembo za tizidutswa mamiliyoni ambiri nthawi imodzi. Kenaka kompyuta imachotsa tizidutswa ta munthu, timene nthawi zambiri timaposa 90 pa 100 tilitonse, n'kufananitsa totsalato ndi kaundula wa DNA ya tizirombo zikwizikwi todziwika kale.

Zili ngati mukagula mtedza wokazinga pasiteji n'kukukulungirani m'kachidutswa ka nyuzipepala. Ngakhale mutu wa nyuzipepalayo palibe, mukawerenga mizere iwiri mumadziwa kuti ndi nyuzi yakuti, tsamba la zamasewero. Kompyuta nayo ikapeza tizidutswa tambiri togwirizana ndi Chlamydia psittaci, dokotala amalandira dzinalo, kawirikawiri pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu. Ubwino wina ndi wakuti DNA imawerengeka ngakhale wodwala atamwa kale mankhwala, chifukwa kachirombo kakufa nako kamasiya zilembo zake.

Zomwe makinawa aulula

Nkhani imene idatchukitsa njirayi idalembedwa mu 2014 ku United States. Mnyamata wa zaka 14 adadwala mutu ndi kutupa ubongo kwa miyezi, kuyeza kwa mitundumitundu osapeza kanthu. Akatswiri a pa yunivesite ya California ku San Francisco adawerenga DNA ya m'madzi a mumsana mwake, ndipo m'maola 48 adapeza bakiteriya wotchedwa Leptospira, amene amafala ndi mkodzo wa nyama. Adampatsa penicillin, mankhwala akale otsika mtengo, ndipo adachira. Njira yomweyi ndiyo idathandiza kuzindikira vairasi ya Covid-19 m'madzi a m'mapapo a odwala chibayo ku Wuhan kumapeto kwa 2019.

Ku China, komwe zipatala zikuluzikulu zambiri zidayamba kugwiritsa ntchito njirayi, madokotala akhala akupeza psittacosis mwa odwala chibayo chokana mankhwala, matenda amene kale ankayesedwa osowa. Akawafunsa odwalawo, ambiri amapezeka kuti amaweta kapena kupha nkhuku, abakha kapena nkhunda, kapena adapita kumsika wa mbalame zamoyo. Kumapeto kwa 2020, m'chigawo cha Shandong, njirayi idathandiza kuzindikira psittacosis imene idayamba pakati pa ogwira ntchito pafakitale yopha abakha, n'kufalikira kwa achibale ndi achipatala amene ankawasamala, chinthu chimene sichichitikachitika ndi matendawa.

Makinawa akucheperachepera. Alipo ena otchedwa MinION, aakulu ngati foni yam'manja, olumikiza ku kompyuta yapamiyendo, amene adagwira ntchito ku Guinea pa mliri wa Ebola mu 2015. Kuno kwathu akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre adawerenga majini a vairasi ya Covid-19 pofuna kutsata mitundu yake. Imeneyo inali ntchito ya kafukufuku, si kuyeza kumene wodwala wa pachipatala cha kumudzi angalemberedwe lero.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Kuyeza munthu mmodzi kumadya madola mazana angapo, ndalama zoti mlimi agulitse mbuzi zingapo. Pamafunika magetsi osazimazima, mankhwala a labotale osungidwa mozizira ndi anthu ophunzitsidwa bwino. Ndiponso poti makinawa amalemba aliyense amene ampeza, amatchulanso tizirombo tosalakwa tokhala m'kamwa ndi pakhosi, ngakhale tolowa mwangozi ku labotale. Pamafunikabe dokotala woti asankhe wolakwa weniweni pamndandandawo, ndipo posankhapo amafunsa funso lomwe lija adafunsidwa mlongo wanga: wodwalayu wakhudzana ndi chiyani?

Apa ndi pamene pagona phunziro kwa ife. Makina odulawa atsimikiza kuti chibayo chochokera ku ziweto chilipo ndipo chimaphonyedwa kawirikawiri. Koma akatchula dzina, mankhwala ake amakhala omwe ali kale m'zipatala zathu, ndipo njira yolozera ku dzinalo imakhala ili m'kamwa mwa wodwala. Paja akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mankhwala ake

Pa matenda onse awiri, mankhwala oyamba kwa akuluakulu ndi doxycycline, kawirikawiri mamiligalamu 100 kawiri pa tsiku. Pa Q fever amamwedwa masiku 14, pa psittacosis sabata imodzi mpaka ziwiri monga dokotala wanenera. Thupi limayamba kuzizira m'masiku awiri kapena atatu, koma musasiyire panjira chifukwa matenda angathe kubwerera. Imwani ndi kapu yodzaza madzi ndipo musagone pansi mukangomwa, chifukwa amapsereza kummero. Musamwere limodzi ndi mkaka, mapiritsi oonjezera magazi kapena mankhwala a chilungulira, poti zimenezi zimatchinga mankhwala kulowa m'thupi.

Mayi woyembekezera anene msanga kuti ali ndi pathupi. Iye amapatsidwa mankhwala ena: pa Q fever ndi cotrimoxazole, amene timawadziwa kuti Bactrim, ndipo pa psittacosis ndi a gulu la azithromycin kapena erythromycin. Za ana aang'ono asankhe ndi dokotala. Ngati mudauzidwapo kuti muli ndi vuto la mtima, nenaninso, chifukwa mungafunike kuonedwa kwa nthawi yaitali.

Ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri. Musathamangire kukagula dokisi pamsika chifukwa choti mwawerenga tsamba lino. Chibayo chochuluka sichichokera ku ziweto, ndipo kumwa mankhwala mwachisawawa kumalimbitsa tizirombo. Chifuwa cha masabata awiri chiyezedwe ngati si chifuwa chachikulu. Chachiwiri, mankhwala a ziweto a oxytetracycline, ngakhale ali pachibale ndi dokisi, si a munthu. Musayerekeze kumwa kapena kudzibaya.

Zoyenera kuchita pakhomo

1. Chiweto chikamaswa kapena chikapoloza, valani magolovesi, kapena majumbo osabooka ngati magolovesi palibe, ndipo phimbani mphuno ndi kukamwa. Mukatha sambani m'manja ndi sopo, zovala zichapidwe padera.

2. Ana akufa, nsengwa ndi udzu wonyowa ndi madzi ake zikwiriridwe m'dzenje lakuya loti galu sangafukule, kapena zitenthedwe. Musataye kudzala kapena kumtsinje, ndipo musadye.

3. Chiweto chopoloza chipatulidwe kwa zinzake kwa masabata angapo. Zikapoloza ziwiri kapena zitatu motsatizana, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Pali matenda enanso opolozetsa ziweto amene amagwira anthu, monga brucellosis ndi Rift Valley fever.

4. Musasese khola la mbuzi, nkhunda, nkhuku kapena abakha lili louma. Yambani mwawaza madzi kuti fumbi ligone, ndipo pewani tsiku lamphepo. Ntchito imeneyi timakonda kupatsa ana, tisiye.

5. Manyowa ochokera m'khola momwe ziweto zaswera aunjikidwe kutali ndi nyumba, afunditsidwe, aole kwa miyezi itatu musanakathire kumunda.

6. Amayi oyembekezera ndi anthu a vuto la mtima asayandikire ziweto zimene zikuswa. Mbuzi ndi nkhuku zisagone m'nyumba ndi anthu. Ngati mukuopa akuba, khola lam'mwamba lokhoma bwino ndilo yankho.

7. Mkaka uwiritsidwe usanamwedwe. Mbalame zogula kumene zikhale pazokha kwa mwezi, ndipo zodwala kapena zofa zokha zisagulitsidwe.

Inu ogulitsa nkhuku ndi nkhunda zamoyo, ososola, mabutchala ndi osenda zikopa m'misika yathu, malangizowa akukukhudzani kuposa wina aliyense, chifukwa mumagwira ziweto za makola ambiri tsiku lililonse.

Chachikulu pa zonse ndi ichi. Mukadwala chifuwa ndi kutentha thupi, malungo osapezeka, kapena mwamwa mankhwala a chibayo masiku atatu osasintha, bwererani kuchipatala ndipo musadikire kufunsidwa. Pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo dokotala sangafunse zonse. Nenani nokha kuti: "Adokotala, masabata atatu apitawo ndidathandiza mbuzi kuswa," kapena "ndimaweta nkhunda ndipo zina zafa." Tchulani mtundu wa chiweto, tsiku lake, ndiponso ngati pali wina pakhomo kapena woyandikana naye amene akudwala chimodzimodzi. Ngati wodwala wafooka, womudikirira anene m'malo mwake.

Alamu anga adachira, ngakhale adatha miyezi iwiri akutopa msanga ndipo chaka chimenecho munda adagalauza ndi aganyu. Lero kuseri kwa khola lawo kuli dzenje lokumbiratu ndi paketi ya magolovesi yopachika pamsomali. Nditapita kukawapepesa chifukwa cha malangizo anga a madeya ndi mchere, adaseka n'kunena kuti: "Alamu, mukalembe m'nyuzimo kuti anzathu asadzaone zomwe ndidaona ine." Ndalemba. Tsambali mukawerenga musakulungire mtedza msanga, kawawerengereniko kaye anzanu a kukalabu ya mbuzi.